Nyimbo Zosafulumira za ku Kabwata

Amayi atamwalira ndinasiya kuimba. Sindinachite kulumbira, ndipo palibe amene ndinamuuza. Sabata loyamba maliro atatha ndinapita kutchalitchi kwathu ku Chelstone, n'kukaima mu kwaya pamalo anga a masiku onse. Kudzanja langa lamanja, pomwe amayi ankaima chiyambire ndili kamtsikana, anali ataikapo mayi wina wa mawu akuthwa. Nyimbo itayamba ndinangoyasama, mawu osatuluka. Sabata lotsatira ndinakhala pabenchi yakumbuyo, kenako ndinayamba kujomba.

Masiku amenewo ndinkagwira ntchito m'sitolo yoyeza maso ndi kugulitsa magalasi, m'tauni, kuseri kwa Cairo Road. Ndinali ndisanakwatiwe, ndipo ndinkachita lendi kachipinda kakuseri kwa nyumba ya anthu ena ku Woodlands. Eni nyumbawo sanali oipa. Tinkapatsana moni pageti, iwo ali m'galimoto, ine ndili wapansi, basi. Atate anatsala okha ku Chelstone. Mlongo wanga anali ku Kitwe ndi banja lake, ndipo ankaimba foni pakakhala vuto.

Tsiku londivuta kwambiri linali Lamlungu. Kwa ife a Sabata limeneli ndi tsiku lochapa, koma zovala za munthu mmodzi sizichedwa kutha. Dzuwa lisanafike pamutu ndinkakhala nditayanika kale, nditakolopa, n'kukhala pabedi kumamvetsera ana a eni nyumba akusewera kuseri kwa mpanda.

Tsiku lina m'sitolo munalowa mwamuna wamtali, wowonda, magalasi ake atamangidwa ndi kawaya pambali. Ndinamuzindikira iye asanandizindikire. Tinaphunzira limodzi kusekondale. Anali mwana wa abusa a mpingo wina wa Pentekosite, ndipo ndi amene ankasamalira zokuzira mawu pamisonkhano ya atate ake. Ndikumuyeza magalasi atsopano anandiyang'anitsitsa.

"Iwe, sindiwe wenze kuimba kusukulu?" anandifunsa m'Chinyanja cha m'tauni. "Ukali kuimba?"

"Ninaleka."

"Chifukwa?"

"Ninaleka chabe."

Sanafunsenso. Atafika pakhomo anacheuka. "Ninkhala ku maflati ya Kabwata, pamwamba. Bwela pa Sondo masana. Sinifuna nyimbo, nifuna chabe mau yako."

Sindinamvetse chomwe ankatanthauza, ndipo Lamlungu limenelo sindinapite. Lotsatiralo, zovala zitauma, ndinangonyamuka n'kukakwera basi.

Masitepe a flatiyo ankanunkhira kapenta wokazinga ndi sopo wochapira. M'nyumba mwake munalibe mipando. Makoma anawamata matireyi a mazira, pawindo anatsamiritsapo matiresi, ndipo pakati pa chipinda panali tebulo la kompyuta, masipika ndi mawaya opiringizana. Pakona, pakreti ya zakumwa, panakhala bambo a imvi atapakata gitala yofiira yosupuka penti.

"Aba ni ba mudala," anatero mnzangayo. "Ba mudala, uyu ndiye nenze kukamba."

"Shani, mwaiche," anandilonjera bambowo, zala zawo zisakuchoka pansambo.

Dzina loti ba mudala ndi lomwe ndinapitiriza kuwatchula zaka zonse, iwo n'kumanditchula mwaiche, mawu a Chibemba otchulira wamng'ono. Kwawo kunali ku Luapula, koma anakulira ku Copperbelt m'zaka zija tauni iliyonse ya migodi inali ndi mabandi a magitala olira mokalipa. Anaimbako m'mabandi otero ali mnyamata. Mabandiwo atatha anaphunzira kukonza mafiriji, ndipo anali ndi kashedi kawo ku Emmasdale. Pansi pa phazi lawo panali kabokosi kachitsulo. Akakaponda, gitala inkasiya kulira ngati gitala. Inkabuula, kunjenjemera, n'kumapotana ngati utsi wa nkhuni zaziwisi.

Mnzanga uja anandiyatsira zomwe ankapanga. Ankapita kumsika wa Soweto ndi kachipangizo kojambulira mawu n'kumatola phokoso la msika: amayi oitanira tomato, mawilibala olira, oitanira mabasi. Akafika kunyumba ankalichedwetsa phokosolo pakompyuta mpaka mawu a mayi wa tomato ankamveka ngati a chimphona cholankhulira mumgolo. Pansi pake ankaikapo ng'oma ya kalindula, nayonso yochedwetsedwa, yoyenda ngati munthu amene waweruka atatopa koma kunyumba kulibe womudikira. Pamwamba pa zonsezi m'pomwe pankadutsa gitala ya ba mudala. Nyimbo imodzi inkatalika ngati ulendo wa basi wochoka m'tauni kufika ku Kabwata, ndipo munthu sunkadziwa bwino pomwe yayambira ndi pomwe ikathere.

"Manje ine niimbe chani?" ndinafunsa.

"Chilichonse. Osakamba kanthu, tulutsa chabe mau. Ngena umu."

Anatsegula wadiropu. Maikolofoni inali m'menemo, pakati pa malaya ake. Anandiveka mahedifoni n'kutseka chitseko. Munali mdima ndi fungo la zovala zosita. Ng'oma itayamba m'makutu mwanga ndinaidikira kanthawi, kenako ndinayamba kuimba pakamwa pali chitsekere. Zomwe zinatuluka ndi mawu apansi, aja tinkaimba ndi amayi mu kwaya, amene ntchito yawo n'kuchirikiza oimba pamwamba. Apa panalibe womuchirikiza. Ndinapitirira choncho, kenako pakamwa panatseguka pokha.

Ndinatuluka thukuta lili kamukamu. Mnzanga anasinthasintha zina pakompyuta n'kuyatsa. Ndinamva mawu anga akudzibwereza, kumka natalikira, ngati munthu akuitana ali tsidya lina la dambo. Sindinadziwe ngati zinali zokoma kapena ayi.

"Ndiye vamene tenze kusakila," anatero ba mudala, akuthira tiyi wa mufulasiki yawo m'kapu n'kundipatsa.

Bandi yathu inayamba choncho. Lamlungu lililonse ndinkachapa m'mawa, masana n'kukwera basi ya ku Kabwata.

Koyamba kuimba pagulu kunali ku ukwati wa msuweni wa mnzangayo, ku Roma, pabwalo la kapinga. Anatipempha kuti tiziimba anthu akudya. Nyimbo yoyamba anthu anaipirira, poganiza kuti tikuyesa zida. Yachiwiri ili pakati kunabwera mayi wina wa chitenje chonyezimira, mmodzi wa alangizi a mkwatibwi, n'kuima patsogolo pathu manja ali m'chiuno.

"Imwe bana, uyu ni ukwati, si malilo. Fakaniko moto."

Mnzanga anayamba kufotokoza kuti nyimbo zathu zimayenda choncho. Mayiyo sanadikire kuti amalize. Anakodola woimbitsa disiko, ndipo posakhalitsa bwalo lonse linadzaza anthu ovina. Ba mudala anakulunga waya wawo akuseka, n'kupita kukatenga mbale ya mpunga ndi nkhuku. Mnzanga anakana kudya, anakakhala pakati pa magalimoto. Ine ndinaima kuseri kwa tenti kumaonerera azimayi akudula chiuno. Ndinkadziwa kuti ndikanakhala mlendo paukwatiwo, nanenso ndikananena zomwezo.

Malo athu enieni tinawapeza ku Kabulonga. Mayi wina anali ndi munda wogulitsiramo maluwa ndi khofi kuseri kwa nyumba yake, ndipo anatilola kuti tiziimbamo Lamlungu, kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa. Poyamba kunkabwera anthu ochepa, ambiri mwa iwo ofuna maluwa. Kenako kunayamba kufika ana a m'mipanda ya komweko, ojambula zithunzi, ndi azungu ogwira ntchito m'mabungwe. Chilimwe chisanathe, munda unkadzaza.

Kwathu sitinkavina, koma ndinakula ndikudziwa kuti gule ndi bwalo: wina amalowa pakati, ena n'kumaomba m'manja ndi kululutira. Kumundako aliyense ankavina yekha. Ankavula nsapato, kutsinzina, n'kumagwedezeka pang'onopang'ono ngati chimanga mphepo ikamadutsa. Munthu ankatha kuvina masana onse pafupi ndi mnzake osamuyang'ana nkhope. Poyamba zinkandimvetsa chisoni. M'kupita kwa nthawi ndinazolowera, ndipo ndinayamba kuzikonda, chifukwa anali malo okhawo omwe ndinkakhala pakati pa anthu popanda wondifunsa kuti ndikukwatiwa liti.

Azungu anali ndi dzina lalitali la mtundu wa nyimbo zathu, lonena za nyimbo zovina zosafulumira, zozunguza mutu ngati maloto. Oyandikana nawo nyumba ku Kabwata anali ndi lawo lalifupi. Ankati nyimbo za chamba. Chonsecho ba mudala ankangomwa tiyi, ndipo mnzanga anali ndi mphumu, utsi wa mbaula wokha unkamugoneka.

Ine ndinkaima kumbuyo, pafupi ndi sipika, kuopa kuonedwa ndi a kutchalitchi. Tikamaliza, anthu ankaunjikana pa mnzanga kumufunsa za makina ake, ena pa ba mudala kuti agwireko gitala. Kwa ine ankangoti ndili ndi mawu okoma, n'kudutsa. Tikalongedza zida m'galimoto yobwereka, awiriwo ankapita nazo ku Kabwata, ine n'kuyenda wapansi kubwerera ku Woodlands, m'mbali mwa mipanda yaitali ya mawaya amagetsi. Ndikatsegula chitseko cha kachipinda kanga, ng'oma ija inkakhala ikugundabe m'mutu, ndipo ndinkadya buledi ndi tiyi nditaimirira.

Poimba tinkamvana kwambiri. Ba mudala akangokweza phewa ndinkadziwa kuti akutsika, ndipo ine ndikakoka mpweya mnzanga ankadziwa pochotsa ng'oma kuti mawu anga atsale okha. Koma za moyo wa wina ndi mnzake tinkadziwa zochepa. Nthawi yomwe tinayandikira kukambirana zoterozo ndi tsiku lina magetsi atathima tili pakati pojambula. Tinatuluka kukakhala pakhonde la flati, pansi ana akusewera mpira pakati pa zingwe zoyanikapo zovala. Ba mudala ankakhwatchakhwatcha gitala, ndipo popanda magetsi inkangolira ngati udzudzu.

Popanda wowafunsa anayamba kukamba za akazi awo. Anati mabandi atatha, mayiwo anatenga ana n'kubwerera ku Luapula. "Anati gitala siipika," anatero akumwetulira. Mwana wawo wamkazi anali atakula, anali namwino kwinakwake kumpoto, ndipo iwo anamuona pachithunzi chokha atavala yunifolomu. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Nanga iwe mwaiche, kunyumba kuli bandani?"

"Kuli atate," ndinayankha. Ndinkafuna kupitiriza, ndinene za amayi ndi za kwaya. Nthawi yomweyo firiji ya nyumba yoyandikana inayamba kulira, ana pansi paja anakuwa kuti magetsi ayaka, ndipo mnzanga anadzambatuka.

"Tiyeni, pakali malaiti."

Tinalowa. Nkhaniyo sitinaibwererenso.

Chaka chachiwiri tinasonkhanitsa nyimbo zathu n'kutulutsa chimbale. Mnzanga anayenda nacho m'mawailesi a mumzinda. Kwina anamuuza kuti sakudziwa nthawi yoti aziike, chifukwa m'mawa anthu angagone pachiwongolero. Wailesi imodzi yokha inatenga nyimbo imodzi, ndipo tinasangalala, mpaka tinamva kuti amaiika pansipansi akamawerenga mauthenga a maliro. Mnzanga anakwiya kwambiri. Ba mudala anaseka mpaka kutsokomola.

"Bamayo ba ku ukwati banakamba zoona," anatero.

Pa intaneti zinayenda mosiyana. Mnzanga ankationetsa pafoni mayiko omwe anthu ankamvera nyimbo zathu, ena oti sindinkadziwa n'komwe kuti ali mbali iti. Anthu a kumeneko ankalemba kuti amazimvera poyendetsa galimoto mumvula, ena pogoneka ana, ena akakhala okha m'nyumba nyengo yozizira. Zinkandidabwitsa kuti mayi wa tomato wa ku Soweto akumveka m'khichini ya munthu wa kutsidya kwa nyanja, pomwe m'basi ya ku Chelstone munalibe ndi mmodzi yemwe amene anatimvapo.

Komabe mbiri inafika ku Chelstone. Mwana wa mkulu wina wa mpingo anaona kavidiyo ka kumunda kuja, ndipo nkhani inayenda mpaka kwa atate.

Lamlungu lina, tili pakati pa nyimbo, ndinatsegula maso n'kuwaona. Anakhala pampando wachitsulo pansi pa mtengo wa mapeyala, atavala suti yawo ya Sabata, chipewa chili pabondo. Atate ndi Mchewa wa ku Katete, anagwira ntchito m'boma mpaka kupuma, ndipo sanapondeko pamalo ovinira moyo wawo wonse. Ndinapitiriza kuimba, chifukwa m'nyimbo ngati zathu munthu ukasiya zimamveka kwambiri kuposa ukalakwitsa. Iwo sanasunthe mpaka tinamaliza. Mtsikana woperekera khofi anawafikira kangapo, iwo n'kumangopempha madzi.

Nditapita pomwe anali ndinagwada pang'ono. "Mwabwera bwanji, atate?"

"Pabasi, ngati anthu onse. Anandiuza kuti ukuimba m'gulu la osuta chamba. Ndinati ndikadzionere ndekha."

"Ndiye mwaona chiyani?"

"Ndaona anthu opanda nsapato." Anayang'ana kapinga wopondedwapondedwa uja. "Nyimbo zanuzi zimatha liti? Ndimati yatha, ndiye kuti ikungoyamba kumene."

Ndinawasonyeza anzanga aja. Ba mudala anavula kapusi kawo, iwo ndi atate anagwirana chanza ndi manja onse awiri monga achitira akuluakulu, n'kufunsana za kumudzi. Kenako ndinawaperekeza atate kokwerera basi. Inali nyengo ya jakaranda, msewu wonse uli mbuu ndi maluwa ogwa. Tinayenda kamtunda.

"Ukuimba mawu apansi okhaokha, mayi," anatero. "Apamwamba akuimba ndani?"

"Palibe, atate."

"Ndinamva." Anayenda pang'ono. "Amayi ako akanati mukukoka nyimbo. Ankadana nayo kwaya yokoka."

Ndinaseka, iwonso anaseka. Chichitikireni maliro, aka kanali koyamba kuwatchula amayi pamaso panga. Basi itaima anakwera phazi limodzi n'kucheuka.

"Uzibwera kunyumba. Nyumba ija yakula."

Sanandiletse kuimba, ndipo kumundako sanabwerenso. Ndinayamba kumapita ku Chelstone Lachisanu ndikaweruka, kukatsegula nawo Sabata. Tinkakhala pabalaza, iwo akuwerenga Baibulo, ine ndikusenda mbatata za mawa, ndipo mawu ankakhala ochepa.

M'chaka chachitatu kunabwera uthenga wotiitana kukaimba kuchikondwerero cha nyimbo ku Ulaya. Tinakondwa kwa masabata angapo. Ba mudala anagula jekete lachikopa pasalaula ku Soweto, lokonzekera kuzizira. Koma analibe pasipoti, mapepala awo obadwira anali kumudzi, ndipo pomwe zonse zinkatheka, chilolezo cholowera m'dzikolo anawakaniza. Nthawi yomweyo atate anayamba kudwaladwala, magazi akuthamanga, ndipo panalibe wina wowaperekeza kuchipatala. Oitanawo anati palibe vuto, mmodzi akhoza kubwera, popeza gitala ndi mawu zili kale m'kompyuta.

Mnzanga anapita yekha. Ananditumizira vidiyo, ndipo ndinaionera nthawi ya nkhomaliro, m'kachipinda kakumbuyo kwa sitolo, pakati pa makatoni a magalasi. Linali bwalo lalikulu, anthu osawerengeka akugwedezeka pang'onopang'ono, magetsi amitundumitundu akuzungulira pamitu pawo. Mawu anga ankatuluka m'masipika aatali ngati nyumba. Pansanja panali munthu mmodzi, ataweramira kompyuta. Ndinaionera mpaka kumapeto, kenako belu la pakhomo linalira, ndinatuluka kukathandiza agogo ena omwe magalasi awo ankawatsetsereka pamphuno.

Nditaweruka ndinapita ku Emmasdale kuti ba mudala aione nawo. Ndinali ndisanafikeko. Ndinachita kufunsira, mpaka ndinapeza kashedi kamalata kuseri kwa sitolo ya matayala. Anali atagwada kumbuyo kwa firiji, manja ali bii. Foni anaigwira ndi kansanza kuti asaidetse, ndipo anaonera yonse osaphethira.

"Gitala yamveka mushe," anatero pondibwezera.

Anandiwiritsira tiyi. Pofuna pokhala ndinayang'ana kuseri kwa mafiriji akufa aja, ndipo ndinaona matiresi, bulangeti lopinda bwino, gitala yofiira itatsamira khoma, ndi jekete lachikopa lija litapachikidwa pamsomali. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti ali ndi nyumba kwinakwake. Iwo anaona kuti ndaona. Tinamwa tiyi tikukamba za mvula yomwe inkachedwa.

Mnzanga atabwerako tinaimbanso kumunda nyengo imodzi. Anabwera ndi nyimbo zatsopano, zofulumirako pang'ono, chifukwa anati kumeneko anthu amafuna zotero dzuwa likalowa. Ba mudala sanatsutse, ankangotsatira. Nyimbo zomwe ndimazikonda kwambiri ndi za nthawi imeneyo, makamaka ina yomwe munali kulira kwa njanji ya pakati pa tauni ndi mawu anga atasanjikizidwa kambirimbiri, mpaka kumveka ngati kwaya yathunthu ya munthu mmodzi. Sitinaimalize kuijambula. Anamuitananso, anapita, ndipo ali komweko kunagwa mliri wa korona. Malire anatsekedwa, munda wa ku Kabulonga unatsekedwa, ndipo mwini wake pambuyo pake anagulitsa malowo. Lero pali maofesi.

Palibe tsiku lomwe tinakhala pansi n'kunena kuti bandi yatha. Tinali ndi kagulu kathu kolemberana pafoni. Poyamba tinkalemberana kawirikawiri, kenako pa Khirisimasi pokha, kenako zii. Ba mudala anaimbako kanthawi mumpingo wina wa Pentekosite ku Emmasdale, komwe ankafuna wa gitala. Nditapitako tsiku lina kukawazonda, pakashedi paja ndinapeza pali wowotcherera zitsulo. Anandiuza kuti mdala wa mafiriji anabwerera kwawo ku Luapula. Ndinayesa nambala yawo kangapo, sinkalowa.

Atate anadwala sitiroko chaka chotsatira. Ndinasiya kachipinda ka ku Woodlands n'kubwerera ku Chelstone, m'chipinda chomwe ndinakulira. Ntchito ndikugwirabe m'sitolo yomwe ija. M'mawa ndimawasambitsa ndi kuwamwetsa phala ndisanakakwere basi, masana amakhala ndi mayi wina wa kumpingo amene amatithandiza. Dzanja lawo lamanja silinabwerere, koma amalankhula, ngakhale mochedwa.

Chaka chatha mnzanga uja anabwera kudzaona makolo ake, ndipo anandiitana kuti tikadye nkhomaliro pamalo ena ku Kabulonga. Anali atanenepa, magalasi ake ali apamwamba kuposa onse a m'sitolo mwathu. Anabwera ndi mkazi wake wa kumeneko ndi kamwana koyamwa. Mkaziyo anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kunena m'Chingerezi kuti mawu anga amawadziwa kuyambira asanakumane ndi mwamuna wakeyo. Ndinathokoza. Kamwana katayamba kulira anatuluka nako panja, ife n'kutsala awiri.

"Ba mudala?" anafunsa.

"Banayenda ku Luapula. Namba siingena."

Anagwedeza mutu n'kumazunguza kapu patebulo. Anandiuza za mizinda yomwe waimbako, ine ndinamuuza za atate. Nkhani zinatha chakudya chisanathe. Ndinazindikira kuti chidziwireni, aka kanali koyamba kukhala naye pansi popanda zida pakati pathu.

"Kuja bantu bamafunsa kuti uyu mukazi oimba ni ndani," anatero. "Mau yakale nayasebenzesa yonse. Unganijambulileko yatsopano? Olo pafoni chabe. Vinangu nizakonza ine."

Ndinati ndiona. Anafuna kundiperekeza pagalimoto ya atate ake, koma ndinati basi ili pafupi.

Panapita miyezi ndisanachite. Tsiku lina masana, atate atagona, ndinatseka chitseko cha kukhichini, ndinazimitsa firiji kuti isasokose, n'kuika foni pashelefu ya mbale. Panalibe ng'oma yoti nditsatire. Ndinayamba chapansipansi, mawu ali okhakhala chifukwa chokhalitsa osaimba, kenako anayamba kumasuka. Ndili pakati, atate anaitana kuchipinda, mwa kuchedwa kwawo kuja.

"Mayi, madzi."

"Ndikubwera, atate."

Ndinasiya foni ikujambula, ndinawapatsa madzi, ndinawakonzera pilo, n'kubwerera kudzamaliza. Sindinadule kalikonse. Ndinatumiza momwemo, ndi mawu a atate, kulira kwa chitseko ndi phokoso la mpopi.

Anayankha tsiku lotsatira ndi kachithunzi ka chala chachikulu chokwezedwa m'mwamba, n'kulemba kuti ali paulendo, adzamvetsera bwino akafika kunyumba. Mvula yagwa n'kutha chitumizireni. Nyimboyo sinatuluke, ndipo ine sindinamufunse.